Galaja yathu tatsegula, zikomo nonse amene munatikhulupirira

Abale anga lero mundilole ndidzitame pang'ono. Galaja ija takhala tikuilota tatsegula kuno ku Joni, mbali ya East Rand, yathuyathu, zobwereka kangodya pabwalo la munthu zija zatha.

Kwa amene simukutidziwa, ife timayeza magalimoto akale a injini ya V8 (ya masilinda 8) munthu asanatulutse ndalama, kuona ngati ndi yeniyeni komanso ngati mtengo akutchulawo ukugwirizana nayo. Ndinayamba ngati sipanala boyi kwa mdala wina wokonza magalimoto amenewa, iyeyo ndi amene anandiphunzitsa kuti penti ndi mabaji aliyense akhoza kugula, iwe uziyang'ana manambala. Mwachitsanzo Mustang ya 1965 kapena 1966, chilembo chachisanu pa nambala ya chassis chimanena injini imene inatuluka nayo ku fakitale. C ndi injini ya 289 wamba, K ndi 289 High Performance yamphamvu kwambiri, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Ndiye akamberembere amapala C uja ndi gilayinda nkudindapo K. Ife timawalitsa tochi cham'mbali pa chitsulo cha mkati mwa fenda pomwe pali nambalapo, mukapeza pamalopo posalala kuposa pena paliponse, zilembo zina zakuya zina zosaya, dziwani kuti padutsa dzanja la munthu. Kenako maginito m'munsi mwa zitseko, pomwe sakugwira ndiye kuti anamatapo pobisa dzimbiri.

Magalimoto akonkuno nawonso amawapangira abodza kwambiri. Capri Perana ya Basil Green Motors inali ndi injini ya 302 V8, lero munthu amangotenga Capri wamba, kuikamo V8, kumata mizere, basi akuti Perana. Chevrolet Firenza Can-Am anapanga 100 zokha mu 1973, Sierra XR8 250 zokha, koma mmene zimachulukira pamsika mungadabwe. Galimoto yongofanizira si yoipa ayi, imayenda bwinobwino, koma igulitsidwe pa mtengo wa yongofanizira.

Zimenezi ndi zomwe zinatsala pang'ono kutigwetsa. Dila wina wamkulu amene ankatipatsa ntchito zambiri anafuna ndisayine lipoti loti Mustang yake ndi K yeniyeni pomwe ine ndaona ndi maso anga kuti nambala anachita kudinda. Ndinakana. Ntchito anatilanda, ndalama zathu zina sanatilipire mpaka lero, nkumauzanso anzake kuti Mmalawi uja sadziwa kanthu. Posakhalitsa lokodauni ya 2020 inafika, foni zii, lendi ikudikira, kumudzi akudikira. Ndinagulitsa zida zina kuti anyamata anga adye. Ndipo inu amene tinakupemphani ngongole mukuti bizinesi yoyang'ana manambala si bizinesi, nanunso amene munkatigulitsa zida pamtengo wokwera poti ndife obwera, tabwerani mudzaone, mpando ulipo.

Ndithokoze Mulungu poyamba. Mayi akunyumba, munapirira zambiri, ndalama zanu zachipeleganyu ndi zomwe zinagula lifiti yoyamba ija, sindidzaiwala. Alamu anga amene munkandibwereka bake (pikapu) usiku, achimwene aku Mangochi ndi mapemphero anu, anyamata anga awiri amene simunathawe malipiro akuchedwa, anzathu akumpingo, mdala wanga uja amene anandiphunzitsa ngakhale pano anapuma ntchito, komanso bwana uja amene tinamuletsa kugula Perana yabodza iye nkutitumizira anzake onse akukalabu, zikomo zikomo.

Ndiye ngati mwaona galimoto yakusangalatsani, musalipire dipoziti tisanaione. Timaona chassis, nambala ya injini ndi giyabokosi, dzimbiri pansi, mapepala a NaTIS (kaundula wa boma wa magalimoto) ngati akugwirizana ndi galimotoyo, kenako timafananiza ndi zomwe zinzake zagulidwira ku okushoni posachedwapa nkukupatsani lipoti lolemba ndi zithunzi zake. Ogulitsanso bwerani, lipoti lathu limathandiza kuti wogula asakunyengerereni mtengo. Pretoria timafika, Durban ndi Cape Town timapita mukalipira thiransipoti. Mwezi uno wotsegulira tatsitsako mtengo, tilembereni ku inbox tikupatseni tsiku.