Nkhunda ndi mpheta m'shedi mwanga: pamene ntchito yafika

Chaka chino ukalipentala wanga wa Loweruka wayenda pang'onopang'ono, chifukwa nthawi yambiri yathera padenga. Shedi yomwe ndimapaliramo matabwa ndi ya njerwa zootcha, yofoleredwa ndi malata. Ili ndi kachipinda kosungiramo gaga ndi soya wa nkhuku zanga za Mikolongwe, ndipo khola lagundana ndi khoma la kummawa. Mbalame zinapezamo zonse zomwe zimafuna: pogona posanyowa, chakudya chapafupi, ndi madzi a pampopi.

Julayi

Ndisanagule kanthu kalikonse, ndinayamba ndaonerera. Madzulo dzuwa likamalowa ndinkakhala pa mpando kuseri, kuona kuti ikulowa ndi mbalame yanji, ndipo ikulowera pati. Ntchito imeneyi siiwononga ndalama, koma ndi imene yanditsogolera pa zonse zotsatira.

Nkhunda zinkalowera pa mpata waukulu wa pamwamba pa khoma la kumadzulo, pomwe omanga anasiya dala kuti pazilowa mphepo, n'kukafola pa mtanda wapakati, pamwamba penipeni pa tebulo logwirirapo ntchito. Mpheta zinali ndi njira yawoyawo. Malata akakhala pa khoma, mizere yake yokwera imasiya timabowo tondondozana kuchokera ngodya ina mpaka ina, ndipo pafupifupi bowo lililonse linali ndi mwini wake. Izi ndi mpheta zija za m'tauni, zomwe yaimuna imakhala ndi kapewa kotuwa ndi chibanga chakuda pakhosi. Kum'mwera kwa Africa kuno zinachita kubwera ndi anthu, makamaka kudzera ku Durban chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenako zinafalikira chakumpoto motsata midzi ndi matauni. Nchifukwa chake sizimuopa munthu, ndipo chisa zimakonda kumanga pa nyumba kusiyana ndi mu mtengo.

Anamzeze nawo analipo, koma kunja, pansi pa msomphoka wa malata. Za iwo ndinena kutsogoloku.

Chomwe chinandipweteka mtima kwambiri ndi zipangizo. Zitosi za nkhunda zikagwera pa chitsulo n'kukhalitsa zimadya, ndipo sowo ndi matchizulo anga anayamba madontho a dzimbiri omwe sachoka ndi nsalu. Thabwa la mlombwa lomwe ndinasungira katebulo ka pabalaza linathimbirira mpaka mkati mwa mtengo. M'bowo lina pafupi ndi babu ndinasololamo mulu wa udzu wouma, nthenga, tizingwe ta matumba a feteleza ndi mapepala a maswiti, zonse zitapanikizana ndi waya wamagetsi. M'nyumba yodzadza utuchi ndi zipalo za matabwa, chimenecho ndi chiyambi cha moto.

Ogasiti

Zoopsezera ndinayesa zomwe aliyense amayamba nazo: ma CD akale olendewera pa ulusi, majumbo omangirira pa ndodo, ndi tepi ya kaseti yomwe imalira kukamaomba mphepo. Zinagwira ntchito poyamba, kenako mbalame zinazolowera n'kumatera pambali pake. M'minda ya mpunga zinthu zimenezi zimathandiza chifukwa pamakhalanso munthu wokuwa ndi kugenda tsiku lonse. M'shedi mulibe munthu wotero. Anyamata apafupi anadzipereka kuti abwere ndi malegeni ndi ulimbo, koma ndinawakaniza. Mwala wa legeni umaboola kapena kutifula malata, ndipo ulimbo susankha mbalame.

Nthawi yambiri mwezi umenewu inapita pa kuyeretsa, ndipo apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ambirife timangotenga tsache n'kuyamba kusesa. Zitosi za nkhunda zikauma n'kusanduka fumbi zimatha kusunga tizilombo ta m'gulu la chuku totchedwa Cryptococcus. Munthu amatipumira m'mapapo, ndipo kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika, makamaka amene ali ndi HIV, timatha kufika ku ubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi omwe atenga miyoyo ya anthu ambiri m'dziko muno. Choncho amene akudwala kapena amene chitetezo chake n'chochepa asapatsidwe ntchito imeneyi, ngakhale ana. Ine ndinatsegula chitseko ndi mawindo, ndinavala masiki ndi magolovesi, kenako ndinapopera madzi a sopo pa mitanda, pa khoma ndi pansi mpaka zonse zitanyowa bwinobwino. Zitafewa ndinazipala ndi kachitsulo kapulasitala n'kuziwolera mu ndowa zikadali zonyowa. Zovala ndinazichapa pazokha.

Zitosizo sindinataye. Ndi manyowa amphamvu, moti ukathira osawolerana amawotcha mbewu. Ndinazikwirira m'dzenje la kompositi pamodzi ndi mapesi ndi utuchi, ndipo zidzapita ku dimba la mpiru zikadzapsa.

Panalinso nkhawa ya nkhuku. Miyezi yotentha ino ndiyo nyengo ya chitopa, ndipo mbalame zomwe zimadya m'makomo ambiri kenako n'kudzatera mu chodyera cha nkhuku zako zimatha kubweretsa matenda ndi utitiri. Katemera wa I-2, uja wa kadontho kamodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, ndinapereka pa nthawi yake kudzera kwa alangizi a ziweto. Koma katemera sachotsa utitiri womwe umatsika kuchokera m'zisa usiku, ndiye zisa zakale zopanda mazira ndinazitentha, khola n'kulisesa ndi kuwazamo phulusa.

Seputembala

Nkhunda kwathu kuno n'chiweto, zimakhala ndi mwini wake. Zomwe zinkagona m'shedi mwanga ndinazilondola m'mawa wina n'kupeza kuti zimakadya kwa aneba athu a kuseri, bambo wachikulire amene ali ndi khola la nkhunda pamwamba pa mitengo inayi. Nkhani yotere umayiyamba mosamala, paja ena amati nkhunda zimathawa pakhomo pa mikangano, ndiye munthu angamve ngati ukumunena. Nditapereka moni ndinati, "Bambo, ndabwera ndi kankhani kakang'ono. Zikuoneka kuti nkhunda zanu zina zakonda kugona kwathu, ndiye ndimati tithandizane nzeru ndisanatseke denga."

Anaseka n'kunena kuti, "Aphiri, mwachita bwino kubwera. Ndimaona kuti madzulo zikuchepa, ndimayesa ndi amphaka." Titakwera makwerero kukasuzumira m'khola mwawo, chifukwa chake chinaoneka poyera. Nkhunda zinaswana kwambiri, zipinda zinachepa, ndipo mabanja atsopano analibe poikira. Tinagwirizana kuti ine ndiwakhomere zipinda zina ndi zidutswa za paini zomwe zinatsala, iwo adzatenge nkhunda zawo usiku zili mtulo n'kuzitsekera m'zipinda zatsopanozo kwa kanthawi kuti zizolowere.

Chinatichedwetsa ndi chisa chimodzi chomwe chinali ndi mazira pa ngodya ya khoma. Nkhunda imaikira mazira awiri, imafungatira masiku pafupifupi 18, ndipo maunda amatenga pafupifupi mwezi kuti auluke. Kutseka mpata maunda ali mkati n'kuwapha ndi njala, makolo akuzungulira kunja. Zimenezo sindikanatha kuziona, komanso fungo lake likanandipeza ndine ndemwe. Tinadikira. Chofunika kuyang'anira pa nthawi yodikirayi n'chakuti nkhunda imatha kuikira mazira ena maunda oyamba asanatuluke, ndiye tizitsotso tatsopano tikangoyamba kuunjikana pena, ndinkachotsa tsiku lomwelo. Mpheta n'zachangu: mazira amaswa pasanathe milungu iwiri, ndipo ana amauluka patatha milungu ina iwiri kapena kupitirirako pang'ono. Bowo lililonse ndinkaliunika ndi tochi ndi kagalasi komangirira pa ndodo, lopanda kanthu n'kulitseka, la ana n'kulilemba ndi choko kuti ndidzabwererenso.

Za waya. Amene amagwira ntchito yotchinga mbalame amagwiritsa ntchito ukonde wa mabowo a mamilimita 50 pa nkhunda, ndi wa mamilimita 19 pa mpheta. Waya wa nkhuku wa mabowo akuluakulu mpheta imangodutsa osagunda n'komwe, ndipo wapakatikati uja umatamuka ukamaukoka, mabowo n'kukula. Ku Malangalanga, mu mzinda wa Lilongwe, ndinagula wa timabokosi ta mamilimita 13, wowotcherera. Ndi wokwera mtengo, koma suphwanyika mawonekedwe, ndipo umachepetsanso njira za makoswe. Pa mpata waukulu uja ndinapanga felemu ya matabwa yolowa ndendende, waya n'kuukhomera chakumkati. Kuti msomali usapyole pa bowo la waya, ndinkauyamba ndaulowetsa pa chitsekerero cha botolo la zakumwa chophwathalitsa ndi hamala. Chitsekererocho chimapana waya pa thabwa molimba, ndipo ana anasangalala kunditolera.

Timabowo ta pansi pa malata ndi tomwe tinadya nthawi. Mbali ya kachipinda ka gaga ndinatseka ndi zidutswa za njerwa ndi matope osakaniza simenti pang'ono. Mbali yogwirira ntchito ndinadula waya m'timizere, n'kumaupinda kuti ulowe mu mzere uliwonse wa lata, kenako n'kuukhomera pa thabwa la pamwamba pa khoma. Manja anachekekachekeka ngakhale ndinali ndi magolovesi. Koma ntchito imeneyi siifuna kudumpha, chifukwa kusiya bowo limodzi kuli ngati kutunga madzi ndi dengu: mpheta zimayenda m'mphepete mwa denga kuyesa bowo ndi bowo mpaka zitapeza lotsegula.

Okutobala

Kutentha kwa mwezi uno kwandionetsa ubwino wotseka ndi waya m'malo momata paliponse. Masana malata amachita kuthetheka, koma mphepo ikudutsabe pamwamba, ndipo nkhuku kuseri kwa khoma sizikupuma mwawefuwefu. Amene mukuganiza zomata mipata yonse ndi matope, siyaniko ina ya waya.

Khomo lotsala linali chitseko chenicheni, chomwe chimakhala chotsegula ndikamagwira ntchito kapena ana akaiwala kutseka. Ndinadula mphira wa chubu chakale cha njinga, mbali ina n'kukhomera pa chitseko, ina pa felemu, moti tsopano chimadzitsekera chokha. Ndikafuna kuwala ndimatseka kachitseko kachiwiri ka waya. Pamwamba pa zipilala ziwiri za pakhonde la shedi, pomwe nkhunda zimakonda kutera zikalephera kulowa, ndinakhomapo timatabwa topendekeka kupitirira madigiri 45. Nkhunda imafuna malo athyathyathya kuti ikhazikike, pa otsetsereka imangoterereka n'kuuluka.

Chakudya ndicho chinkaitana mbalame poyamba, ndipo ndikuona kuti kusintha kumeneku kwathandiza mofanana ndi waya. Gaga ndi soya tsopano zili m'migolo yachitsulo yokhala ndi zivindikiro, chimanga chili m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, pamwamba pa thandala. Nkhuku ndikuzipatsa chakudya mkati mwa khola, chongokwanira kuti zimalize, m'malo momwaza pabwalo. Pansi pa mpopi ndinathirapo miyala kuti pasamadikhe madzi. Mpheta zikadalipo pa mpanda ndi mu mtengo wa mango, koma gulu lija lomwe linkadikira pa denga m'mawa uliwonse labalalika.

Anamzeze ndawasiya dala. Awa ndi aja a mutu wofiirira ndi mizeremizere pachifuwa, omwe amamanga chisa cha matope chokhala ndi kakhomo konga kampaipi. Sakhudza gaga, salowa m'shedi, ndipo tsiku lonse amakhalira kugwira tizilombo touluka pamwamba pa khola. Vuto lawo linali zitosi zogwera pa zenera basi. Ndinakhoma kathabwa pansi pa chisa, motalikirako pang'ono kuti asasowe poulukira komanso mphaka asapeze pokwerera, ndipo ndimakapala kamodzikamodzi nditakanyowetsa.

Novembala

Mvula yoyamba yagwa, ndipo m'shedi simunagonenso mbalame chitsekereni bowo lomaliza. Tebulo ndikulipeza m'mawa monga ndinalisiyira. Sowo ndi matchizulo ndazikwecha ndi sandipepala wosalala n'kuzipaka mafuta. Thabwa la mlombwa lija ndalipala mozama mpaka banga latsala pang'ono, ndipo mbali imeneyo idzayang'ana pansi. Nkhunda za aneba zakhazikika m'zipinda zatsopano, kupatula ziwiri zomwe zimabwerabe madzulo kudzatera pa nsonga ya denga, kenako n'kubwerera kwawo.

Pali mlendo wina amene ndikumuganizira tsopano. Pansi pa mtengo wa mango ndakhala ndikutola timibulu totuwa touma, ndipo nditaswa kamodzi ndinapezamo ubweya, timafupa ndi kachigaza ka khoswe kali ndi mano ake achikasu. Ndi zomwe kadzidzi amalavula akagaya nyama. Usiku wina ndinamuona ndi tochi, woyera nkhope uja. Ndikudziwa zomwe ambiri timakhulupirira za kadzidzi, ndipo mayi a kunyumba sanakondwe nditawauza. Sindikuwatsutsa mwamwano, poti tonse tinakula tikumva zomwezo. Koma mbalame imeneyi chakudya chake chachikulu ndi makoswe ndi mbewa, ndipo nkhuku zanga usiku zimakhala zotsekeredwa. Chifukwa cha iye, komanso amphaka ndi nkhuku zomwe, pakhomo pano sindilola Temik kapena mankhwala ena a makoswe ogula m'misewu, popeza chodya khoswe wakufa ndi poizoni nachonso chimatha kufa.

Ndayamba kumudulira bokosi la paini loti azigonamo, lakuya bwino, la khomo chakumtunda kuti ana asamagwe, ndi denga la chidutswa cha lata. Sindidzaliika pa shedi kapena pafupi ndi nyumba. Ndikuganiza za mtengo wa bulugamu wa kumalire a munda, koma uli pafupi ndi khola la nkhunda la aneba, ndiye ndiyenera kukakhala nawo pansi kaye, iwo ndi mayi a kunyumba, tisanakweze chilichonse. Pakadali pano Loweruka likubwerali ndikwera kukaona ngati mphepo ya mvula sinasunthe waya wa kumadzulo, ndipo ndikatsika ndiyamba kudula miyendo ya katebulo.