Ovaova zinayi zimene sizinamvane ndi zathu

Dzulo usiku ndi pamene wailesi zathu zonse 10 zinalankhulana koyamba, kuchokera kumsika mpaka kumtunda kumene nyumba zimathera. Zanditengera miyezi iwiri, ndipo mkwiyo wa tsiku lina ku Limbe sunandichokebe.

Ndine mlembi wa gulu la achitetezo a m'mudzi kuno kumunsi kwa phiri la Soche ku Blantyre. Amene munali kuno mu Malichi 2023 mukudziwa zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi madera oyandikana nako. Matope ndi miyala zinatsika phiri, magetsi kunalibe, mafoni anatha moto, ndipo tinkafunafuna anthu pongokuwa mayina. Pambuyo pake bungwe lina linatipatsa wailesi zam'manja 6, zija timangoti ovaova, za Motorola GP340. Koma usiku timayenda magulu asanu, ndiye 6 zinkachepa. Tinasonkherana khomo ndi khomo kuti tigule zina 4, ndalama n'kuzipereka m'manja mwanga. Apa n'kuti kwacha itagwa kale mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja atakwera mtengo.

Ndinapita ku Limbe chimanjamanja, wailesi yathu ndinaisiya kunyumba. Musadzachite zimenezi. Nyamulani imodzi mwa wailesi zimene muli nazo kale popita kogula.

Mushopu ina mnyamata ananditulutsira Baofeng BF-888S, zooneka bwino, zotchipa, tchaja chilichonse pachokha. Ndinamufunsa kawiri konse ngati zingamvane ndi Motorola. Iye anati, "Achimwene, ovaova ndi ovaova. Bola nonse muike pa 1." Anayatsa ziwiri, wina anaima pakhomo, zinamvana. N'zoona zinamvana, chifukwa zinali zamtundu umodzi, zochokera m'katoni imodzi. Ndinalipira.

Madzulo ake tinakumana kwa a tcheya. Tonse tinaika pa 1. Zii. Pa 2, zii. Tinazungulira matchanelo onse 16 osamva ngakhale kakhosomolo. Amayi ena amene anapereka ndalama yogulitsa mandasi anangondiyang'ana osanena kanthu, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Chimene ndinadzamva mochedwa n'chakuti nambala ya pa kabatani kozungulira kaja ndi dzina chabe. Kuseri kwa 1 kuli frequency, kanjira ka m'mlengalenga kamene mawu amayendamo, imene munthu anaikamo ndi kompyuta, ndipo 1 wanu si 1 wa mnzanu. Choposa apo, wailesizi zili m'mabanja awiri. Za VHF zimayenda pakati pa 136 ndi 174 MHz, za UHF zambiri pakati pa 400 ndi 470 MHz. Zathu ndi za VHF. BF-888S ndi ya UHF yokhayokha. Ngakhale katswiri wotani sangazigwirizanitse. Wailesiyo payokha ilibe mlandu, alonda ambiri akuigwiritsa ntchito bwinobwino, kungoti si ya banja lathu. Ndikanachotsa batire n'kuwerenga kachikwangwani kakumbuyo, ndikanapeza nambala ya mtundu wake yoti n'kufunsira kwa odziwa.

M'mawa mwake ndinabwerera kushopu ija ndi katoni yonse, mapulasitiki ali momwemo. Ndinafika 8 koloko. Mnyamata uja anati nkhani yobweza ndalama ndi ya abwana, ndidikire. Ndinakhala pabenchi panja. 10 koloko akuti abwana ali kubanki. Masana akuti apita kukadya. Ndinawapempha kuti angowaimbira foni, akuti alibe mayunitsi. Ndinapereka foni yanga, akuti nambala saidziwa pamtima. Cha m'ma 3 koloko ndi pamene mayi wina wapakauntala anandilozera kapepala kapakhoma kolembedwa kuti katundu akatuluka sabwerera. Ndinawauza kuti, "Mayi, ndinafunsa kawiri ndisanalipire, ndipo mwana wanuyu ananditsimikizira." Iwo anati pa lisiti sipanalembedwe zimenezo. Tsiku lathunthu, ntchito yanga nditaisiya, ndalama ya minibasi yotuluka m'thumba mwanga, kudikira munthu amene ankadziwa kuti sabwera. Chikanandipweteka pang'ono akanandiuza m'mawa momwe. Ndalama imeneyo inali ya anthu amene ena mwa iwo anataya ana m'matope.

Zinayi zija tinadzazigulitsa motchipa kwa alonda a pasukulu ina, n'kusonkhanso kuti tikwanitse.

Ndaiwala kunena chinthu chimene chimayenera kukhala choyamba. Frequency si ya aliyense. Kuno ku Malawi amene amapereka chilolezo chake ndi a MACRA, ndipo ife timagwiritsa ntchito ya bungwe limene linatipatsa wailesi lija. Choncho musanagule, pitani kwa mwini chilolezo, mumuuze kuti mukufuna kuwonjezera wailesi, avomere, ndipo akulembereni papepala zonse zimene zinaikidwa m'kati. Ndipo musalole munthu akunamizeni kuti akuikirani tchanelo cha apolisi. Kumeneko simulowa popanda chilolezo chawo. Ife tikagwira munthu kapena pakachitika ngozi, a tcheya amaimbira apolisi pafoni.

Ulendo wachiwiri ndinapita kwa katswiri amene bungwe lija linatilozera, GP340 imodzi ili m'chikwama. Anailumikiza ku kompyuta ndi chingwe chake, n'kuwerenga zonse. Anandifunsa ngati tikufuna za digito, zija amati DMR, koma yekha anatiletsa: zathu ndi za analogi, ndipo ya digito ikamalankhula, ya analogi imangomva phokoso ngati chigayo. Tinagwirizana za Kenwood TK-2000, ya VHF, matchanelo 16, mphamvu mawati 5. Pa analogi dzina la kampani silivuta, bola banja ndi frequency zifanane.

Komabe pa kuyesa koyamba panali chodabwitsa. Ife a Kenwood tinkawamva a Motorola, koma iwo sankatimva. Vuto linali kamawu kobisika kotchedwa CTCSS, kamene khutu silimva koma wailesi imakadikira kuti itsegule sipika. Motorola zathu zinaikidwa kuti zizitsegula pokhapokha zikamva kamawu kawo, ndiye zatsopanozo zinkatumiza popanda. Atakaika, zinatheka. Anakonzanso kukula kwa tchanelo, poti pali 12.5 kHz ndi 25 kHz, ndipo zikasiyana mawu amamveka patali kwambiri kapena mophwanyika. Zonsezi zinaoneka chifukwa wailesi yakale inali patebulo pomwepo. N'chifukwa chake ndikubwereza: nyamulani yanu, ndipo muyese ndi yanuyo, osati ziwiri za wogulitsa. Tumani mnzanu ayende nayo mpaka kuseri kwa nyumba zingapo musanatulutse ndalama.

Za makilomita olembedwa pa katoni musazitengere. Pano munthu akangolowa m'khwawa kapena kuseri kwa chitunda, mawu amaduka. Ife taika munthu mmodzi pamalo okwera usiku uliwonse kuti azilandira uthenga n'kuupatsira.

Matchaja sabwerekana, mabatire sabwerekana, ngakhale tomvera m'khutu ta Kenwood sitilowa pa GP340 chifukwa polumikizira pake n'posiyana. Talemba nambala ndi penti pa wailesi iliyonse ndi tchaja chake. Funsaninso ngati wailesiyo imapirira mvula, poti ntchito yathu yeniyeni imabwera Januwale mpaka Malichi. Zathu timaziveka kapulasitiki mvula ikalimba.

Chatsala ndi mabatire apadera. Magetsi akazima tsiku lonse, wailesi 10 zimasanduka miyala 10. Loweruka lino tikumana kwa a tcheya kuti tione ngati tingasonkhe ya kasola kamodzi, ndipo pepala la ma frequency lija ndalikopera katatu, lina lili kwa ine, lina kwa a tcheya, lina kwa amfumu.