Mafakitale a zii a Kaesong, kuwaonera pa phiri la Dora

Ulendo wa kumalire a Korea ziwiri umayambira ku Imjingak, m'dera la Paju, makilomita pafupifupi 50 kuchoka ku Seoul. Mukhoza kukwera sitima ya Gyeongui-Jungang mpaka pa Munsan n'kumalizitsa ndi basi kapena takisi. Tikiti ya basi yoonera malowa yogula nokha pa Imjingak ndi ya m'ma won 10,000 (ndalama za ku South Korea), pomwe makampani onyamula alendo kuchokera ku Seoul amalipiritsa kuwirikiza kangapo. Lolemba satsegula. Pasipoti musaiwale, chifukwa pa mlatho wa Tongil msilikali amakwera m'basi n'kuyang'ana munthu mmodzimmodzi. Ndipo dziwani kuti asilikali akhoza kutseka malowa tsiku lomwelo zinthu zikavuta pakati pa mayiko awiriwa, inu mutafika kale.

Basi imaima pa ngalande yapansi pa nthaka imene North Korea inakumba kulowera kumwera, yomwe inatulukiridwa mu 1978 ndipo ili mamita 73 pansi. Foni ndi chikwama mumasiya m'kabati, amakupatsani chipewa cholimba, ndipo chivaleni ndithu chifukwa denga ndi lalifupi, mutu umagunda mwala. Kutsika n'kosavuta, koma pobwerera chitunda cha mamita oposa 350 chimamaliza anthu mawondo. Nthawi yambiri ya ulendo imathera kumeneko, pomwe malo ofunika kuima nthawi yaitali ndi pamwamba pa phiri la Dora.

Pa Dora pali makina oonera patali atandandalikidwa panja. Ambiri amathamangira kufunafuna mlongoti wa mbendera ya North Korea wa mamita 160 m'mudzi wa Kijong-dong. Mukauona, tembenuzani makinawo pang'ono mufune madenga aataliatali ondondozana m'chigwa. Amenewo ndi mafakitale a Kaesong, mzinda wa ku North Korea. Msewu wopita kumeneko kuchokera kumwera ulibe lole ngakhale imodzi, ndipo mu October 2024 a kumpoto anaphulitsa mbali ina ya msewuwo. Mafakitalewa anayamba ntchito mu 2004. Makampani 124 a ku South Korea ankalemba anthu a kumpoto oposa 50,000 kusoka zovala, nsapato ndi kupanga zipangizo zing'onozing'ono, ndipo magetsi ake ankachokera kumwera. Mu January 2016 North Korea inaphulitsa bomba la nyukiliya kachinayi, mu February n'kuulutsanso roketi. Boma la Park Geun-hye, pulezidenti wa South Korea nthawiyo, linatseka mafakitalewo mwezi womwewo, likunena kuti malipiro a antchito akugulira zida, ndipo linadula magetsi. Mu June 2020 a kumpoto anaphulitsa ofesi yolumikizirana mayiko awiriwa yomwe inali pomwepo. Munthu ukaima apo, mawu a pa wailesi akuti “mayiko adzudzula mwamphamvu” umawaona ndi maso: chomwe chinaima ndi makina osokera, mizinga ayi.

Sindikunena kuti zilango za pa chuma zimene mayiko anaikira North Korea zinali zamasewera. Nthambi yoona zachitetezo ya United Nations inayamba ndi chigamulo 1718 mu 2006, bomba la nyukiliya loyamba litaphulika ku Punggye-ri, malo oyeserako mabomba a North Korea. Pofika 2017, chaka cha bomba lachisanu ndi chimodzi ndi mizinga yotha kufika ku America, malasha, nsomba ndi nsalu za North Korea zinaletsedwa kugulitsidwa kunja. Chigamulo 2397 chinaika malire a mafuta oyengeka olowa m'dzikomo pa migolo 500,000 pachaka, ndipo chinalamula kuti nzika zake zogwira ntchito kunja zibwezedwe kwawo pasanathe miyezi 24. Vuto linali panyanja. Sitima zimazimitsa kachipangizo koonetsa pomwe zili, n'kupopelana mafuta pakati pa madzi, zina zitasintha dzina ndi mbendera. Akatswiri a UN ankalemba zonsezi chaka ndi chaka, koma analibe mphamvu yogwira sitima.

Chondipweteka kwambiri ndi zomwe zinatsatira. Mu May 2022 China ndi Russia anakana zilango zatsopano, ndipo mu March 2024 Russia inakana kuwonjezera nthawi ya gulu la akatswiri lija, ntchito yake n'kutha. Zokambirana nazo zinafera m'mazira. Za mayiko asanu ndi limodzi, zomwe zinayamba ku Beijing mu 2003, North Korea inatulukamo mu 2009. Donald Trump ndi Kim Jong Un, mtsogoleri wa North Korea, anagwirana chanza ku Singapore mu 2018, koma ku Hanoi mu 2019 anasiyana opanda pangano: Kim ankapereka malo a nyukiliya a Yongbyon kuti zilango zikuluzikulu zichotsedwe, America inkafuna zoposa apo. Lero mzinga ukauluka, akazembe amakumana ku New York, aliyense amawerenga chikalata chake, basi.

Otsogolera alendo ambiri safotokoza zimenezi. Amakupatsani mphindi zochepa pa Dora, kenako amathamangira nanu kusitolo ya zokumbukira ulendo. Ngati mukupita, funsiranitu kuti basi iima nthawi yaitali bwanji paphiripo, ndipo onani zanyengo dzulo lake. Kukachita chifunga, makamaka m'miyezi ya mvula ya July ndi August, Kaesong simuiona n'komwe, ndipo ndalama sabweza.