Ndalama zotsala pamwezi: ku akaunti kapena ku ngongole ya nyumba?

Zalowa tsopano. Masabata atatu mutu wakhala ukundizungulira ndi funso limodzi la m'kosi ya kasamalidwe ka ndalama imene ndimaphunzira madzulo: munthu ali ndi ngongole yogulira nyumba, mwezi uliwonse akutsala ndi kangachepe, kodi azikaika ku akaunti yosungira ndalama kapena aziwonjezera pobweza ngongoleyo? Za mmene chiwongola dzanja chimaberekerana sindifotokoza zambiri: chimene chawonjezeka mwezi uno nachonso chimabereka china mwezi wamawa.

Chinkandisokoneza n'chakuti ndinkaziona ngati zinthu ziwiri zosayerekezeka. Ku akaunti ndalama ikuswana, ku ngongole ikungopita osabwerera. Ndiye uziyeza bwanji?

Dzulo usiku ndinatsegula Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera manambala pa tebulo, n'kulemba ngongole yongopeka ya 100,000, chiwongola dzanja 6 peresenti pachaka, yobweza zaka 25. Pamwezi umalipira 644. Mzere woyamba womwewo unandiimitsa: pa 644 imeneyo, 500 ndi chiwongola dzanja, ndipo imene yadula ngongole ndi 144 yokha. Ndinatenga kakyuleta n'kuwerengeranso poganiza kuti ndaphonya penapake. Ayi ndithu, ndi momwemo. Kenako ndinawonjezera 100 pamwezi n'kukokera mizere pansi. Ngongole inathera pa mwezi wa 224 m'malo mwa 300, ndipo chiwongola dzanja chonse chinatsika kuchoka pa 93,000 kufika pa 66,000 kapena chapompo.

Apa m'pamene panali pobisika. 100 yowonjezerayo sigawidwa ngati 644 ija, yonse imakadula ngongole yeniyeniyo, ndipo kuyambira mwezi umenewo banki singakulipiritsenso 6 peresenti pa ndalama imeneyo. Chiwongola dzanja chimene sunalipire n'chimodzimodzi ndi chimene walandira. Choncho kuwonjezera pa ngongole kuli ngati kuika ndalama mu akaunti yopereka 6 peresenti, yopanda msonkho, chifukwa palibe amene amadula msonkho pa ndalama imene wangoleka kulipira. Pomwe kumene amadula msonkho pa chiwongola dzanja cha ku akaunti, tinene 20 peresenti, akaunti yolonjeza 5 imakusiyira 4 basi. Kuti ifanane ndi ngongole ija iyenera kupereka 7.5. Nambala ziwiri, uike pambali ndi pambali, yaikulu yapambana. Masabata atatu onse aja, nkhani yake imeneyi!

Chondikwiyitsa n'chakuti aphunzitsi athu anatha ola lathunthu akulemba fomula yowerengera malipiro a pamwezi, mabulaketi okhaokha, koma tebulo la mwezi ndi mwezi sanationetse. Nditafunsa anangoti zili m'manotsi. Mwina nawonso nthawi imawathera, kalasi yake ya anthu otopa ochokera ku ntchito, koma mphindi khumi zikanakwana. Ine tsopano ndatsimikiza: chilichonse chokhudza ngongole, chiikeni pa Excel mzere ndi mzere. Mafomula ndi oloweza pamayeso chabe. Mnzanga wina akuti ndikukokomeza, koma sanakhalepo pansi n'kuona ngongole ikusungunuka pa sikirini.

Komabe m'mawa uno chimwemwe chachepako. Tebulo langa silidziwa kuti munthu amadwala, kapena ntchito imatha. Ndalama imene walowetsa m'nyumba sungakaitape mawa, pomwe ya ku akaunti umangopita n'kutenga, n'chifukwa chake alangizi ambiri amati uyambe wasunga ndalama zokwanira kukhalira miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Mabanki ena amalipiritsanso chindapusa ukabweza mopitirira malire amene munagwirizana, makamaka chiwongola dzanja chikakhala chokhazikika. Ndiye palinso funso loti banki ichepetse zaka kapena ichepetse malipiro a pamwezi. Manambala anga aja ndi a kuchepetsa zaka. Ndipo ngati munthu ali ndi ngongole ina yokwera chiwongola dzanja, iyo ndiyo yoyamba kuiphwanya.

Chimene chikundivutabe n'chakuti ufulu wotapa ndalama nthawi iliyonse ndiupatse mtengo wanji. Akaunti ikamapereka 4 ngongole ikudya 6, kodi kusiyana kwa 2 kumeneko ndi kuluza, kapena ndi mtengo wogulira tulo? Ndayesa kutsegula danga lake pa tebulo lija, koma mpaka pano lili lopanda kanthu, ndipo mayeso ndi Lachisanu.