Sabata ya makalata a PhD

Lolemba ndinalawirira ku labu kuti ndimalize kusanthula majini a mabakiteriya a Salmonella omwe tinawerenga ndi MinION, kamakina kowerengera majini. Kamakinaka kamakwana m'thumba la malaya, koma deta yake imakukhazika pa kompyuta mpaka usiku. Cha m'ma 10 koloko anagogoda mtsikana wina yemwe anamaliza masters chaka chatha, laputopu ili m'manja.

"Adokotala, mungandionereko kalatayi? Ndikufuna ndikayese PhD ku Sanger."

Wellcome Sanger Institute ili ku Hinxton, kufupi ndi Cambridge, ndipo PhD yawo ndi ya zaka zinayi, yolipiriridwa. Kalata ija ulemu unalimo wambiri, koma mwini wake munalibe. Masamba awiri onse anali otamanda anthu akunjawo, chonsecho mwanayu watha miyezi ku Queens akutenga magazi a ana otentha thupi.

"Achemwali, funso lomwe limakusowetsani tulo ndi liti?"

Anakhala kaye chete, kenako n'kunena kuti akufuna kudziwa chifukwa chake mankhwala akale sakugwiranso pa ST313. Ndinamuuza kuti afufute zonse, ayambire pamenepo.

ST313 ndi mtundu wa Salmonella Typhimurium womwe umalowa m'magazi, makamaka mwa ana operewera zakudya kapena odwala malungo, ndi akuluakulu omwe ali ndi HIV. Kachirombo ka mtundu umenewu kotchedwa D23580, komwe ofufuza a m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito, kanapezeka mwa mwana muno mu Blantyre mu 2004. Zimandipweteka kuti matendawo ndi athu, magazi ndi athu, koma odziwa kuwerenga majiniwo pa kompyuta tikadali ochepa. Wodziwa kuwerengayo ndiye amasankha funso lotsatira.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinathera pamisonkhano ndi kuyitanitsa zipangizo.

Lachinayi masana ndimaphunzitsa R ndi Linux, mapulogalamu a pa kompyuta omwe timasanthulira deta, kwa aliyense wofuna. Kunabwera asanu ndi mmodzi, ena a ku KUHeS, mmodzi wa ku MUBAS wodziwa Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu) koma wosadziwa kuti plasmid, kachidutswa ka majini ka m'bakiteriya, n'chiyani. Ndinamukhazika limodzi ndi mtsikana uja, yemwe plasmid amaidziwa bwino koma chikamuonekera chiwindo chakuda cholemberamo malamulo pa Linux chija manja amanjenjemera. Pofika 4 koloko anali akukangana ngati apachibale, ine ndikungomwetulira.

Lachisanu linali langa. Ndikulemba pempho la Wellcome Early-Career Award, yomwe imapereka malipiro ndi ndalama za kafukufuku mpaka zaka zisanu. Kwa ine postdoc, kafukufuku wa munthu amene wamaliza PhD, ndiyo yovuta kuposa PhD: wabwera kwanu ndi digiri, tsopano upeze ndalama zolipirira funso lako ndi anthu oti ugwire nawo. Bajeti inandidya tsiku lonse.

Ndikudikira minibasi pa Ginnery Corner, foni inalira. Anali mtsikana uja, watumiza kalata yatsopano pa WhatsApp. Ndime yoyamba ikunena za mwana wa mu wodi amene jakisoni woyamba sanamuthandize. Ndinalola minibasi ziwiri zidutse kuti ndiwerenge mpaka pansi.