Ndinadziwa, koma sindinkatha kunena kuti ndadziwa bwanji

Tsiku limene ndinanena kuti gulu lathu la banki mkhonde silifika pogawana ndalama, kunali chifunga cha mu Juni chija chimene chimaphimba Bembeke yense mpaka dzuwa litakwera. Tinakhala pakhonde, aliyense atafunda chitenje pamwamba pa juzi, bokosi la maloko atatu lili pakati pathu. M'mabuku zonse zinali bwino. Mlembi ndinali ineyo, choncho mabukuwo ndinkawadziwa. Komabe mawu anangotuluka: "Amayi anzanga, gululi Disembala silimuona."

Amayi apampando anandifunsa mofatsa, "Aphunzitsi, mwaonapo chiyani?" Ndinasowa choyankha. Ndinangoti mtima wanga ukundiuza choncho. Wina anaseka, wina anayang'ana kumbali, tinapitiriza kuponya masheya.

Gululo linatha mu Okutobala. Zinadziwika kuti ngongole zitatu zikuluzikulu zinatengedwa m'mayina a anthu atatu, koma ndalama zonse zinapita m'thumba limodzi, ndipo mwini thumbayo analephera kubweza. Ndalama zanga zinapita nawo, koma chimene chinandisowetsa tulo ndi china. Ndinamva kuchigayo kuti ena akuti pakamwa panga m'poipa, ndine ndinatemberera gulu. Kwathu kuno mawu otere sitiwatenga mopepuka. Kuchoka pa "pakamwa poipa" kukafika pa "mfiti" ndi pafupi, ndipo tonse timamva pa wailesi zimene zimagwera agogo amene anenedwa zimenezo. Ndinatha miyezi ndikudziopa ndekha.

Mwana wa achemwali anga, amene ali pasukulu ku Zomba, ndiye ananditumizira pa WhatsApp mafunso ena oyeza khalidwe la munthu. Nditayankha panatuluka zilembo zinayi, INFJ. Zilembozo sizinandikhudze kwenikweni. Chinandigwira mtima ndi chimene ndinapeza nditagula bandulo n'kuyamba kukumba komwe zinachokera.

Gwero lake ndi Carl Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, amene anabadwa mu 1875 n'kumwalira mu 1961. Mu 1921 anatulutsa buku lofotokoza mitundu ya anthu potengera momwe maganizo awo amagwirira ntchito. Iye anati pali njira zinayi. Ina imakuuza kuti chinthu chilipo, kudzera m'maso, m'makutu, m'mphuno ndi pakhungu. Ina imakuuza kuti chinthucho n'chiyani, ndiko kuganiza. Ina imayeza ngati n'chabwino kwa iwe ndi anthu kapena ayi. Yachinayi, imene Azungu amati intuition, imakuuza komwe chinthucho chachokera ndi komwe chikulowera. Njira iliyonse itha kuyang'ana kunja kapena m'kati mwa munthu, motero zimakhala zisanu ndi zitatu. Aliyense ali nazo zonse, koma imodzi ndiyo imatsogolera, monga dzanja limene umadyera nsima. Linalo lilipo, limagwira ntchito, koma si limene umayamba kutambasula. Kenako Katharine Briggs ndi mwana wake Isabel Myers, a ku America, anatenga maganizo amenewa m'zaka za m'ma 1940 n'kupanga mafunso a MBTI ogawa anthu m'mitundu 16. Pa mitunduyo, iwiri yokha, INFJ ndi INTJ, ndiyo imatsogoleredwa ndi intuition yoyang'ana m'kati mwa munthu, introverted intuition, imene mwachidule amailemba Ni.

Mfundo imene inandimasula ndi yakuti Ni si kuganiza ayi. Jung anaiika m'gulu la njira zoonera, osati zoweruzira. Munthu sukhala pansi n'kuwerengera kuti ichi kuphatikiza ichi. Maganizo amatola tizinthu ting'onoting'ono iwe osadziwa, amatiphika kuseri, ndiye amakubweretsera chakupsa kale. Yankho limafika lathunthu, njira yake yabisika. N'chifukwa chake ndinasowa chouza amayi apampando.

Nditamvetsa zimenezi ndinatenga kope n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, msonkhano ndi msonkhano. Ndinadabwa ndi zimene zinatuluka. Amayi atatu otenga ngongole aja anayamba kufika limodzi, pomwe amakhala mbali zosiyana za mudzi. Mmodzi anatenga ngongole yoti akaode kachewere kukagulitsa ku Lizulu, koma sindinamuonepo ndi thumba ngakhale limodzi pamsewu. Pobweza chiwongoladzanja, ndalama za atatuwo zinkakhala zopindidwa mofanana, kanayi, ngati zachokera m'chikwama chimodzi. Ndipo mayi wina amene kale ankakonda kufunsa mafunso anangoti zii, maso pansi, nthawi iliyonse tikatsegula bokosi. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa. Palibe mzimu umene unandinong'oneza. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ine ndaona kuti chimakhala ndi kamgugu kake, ndipo ena timakamva tisanadziwe kuti tikumva.

Apa ndiyenera kusiyanitsa zinthu zimene anthu amazisokoneza. Agogo anga ankatha kunena kuti mvula ibwera mawa, koma iwo ankanena chifukwa chake: mphepo yatembenuka, kwatentha usiku, chaka chakuti zinateronso. Kumeneko ndi kukumbukira bwino zimene thupi linakumana nazo, zomwe m'chiphunzitsochi amati Si. Mphunzitsi mnzanga wina, mukamupatsa nkhani imodzi amatulutsamo maganizo khumi, lero nkhuku, mawa malonda a mbiya ngati za ku Dedza boma, mkuja ulimi wa mapichesi. Ameneyo ndi Ne, intuition yoyang'ana kunja, yomwaza. Ni imachita zosiyana: imasonkhanitsa zambiri n'kuzifinya kukhala chithunzi chimodzi, ndipo chithunzicho chikakhazikika, kuchichotsa n'kovuta.

Kuvuta kwakeko ndi kumene sindikufuna kubisa. Pa intaneti anthu amalemba za Ni ngati kuti ndi ulosi, ndipo zimenezo zimandikwiyitsa chifukwa zinatsala pang'ono kundiwonongera ubale. Achimwene anga atabweretsa mkazi woti amukwatire, mumtima mwanga munabwera chithunzi chomveka bwino ngati chija cha banki mkhonde: banja ili silikhalitsa. Ndinamulandira mozizira mlamu wangayo kwa chaka chathunthu. Lero ali ndi ana atatu, ndipo mayi athu atadwala, amene anagona pansi m'chipatala milungu iwiri ndi iyeyo. Ndinapita kukapepesa. Anangoti, "Alamu, ndinkaona, koma ndinkadziwa kuti mudzandizolowera." Kutsimikiza kwa mumtima kunali kofanana ndendende pa nkhani ziwirizi, pomwe ina ndinalondola, ina ndinalakwa. M'kati simumveka kusiyana.

Chiphunzitsochi chimanenanso kuti njira yotsogolera ili ndi inzake yotsalira kwambiri, yotsutsana nayo. Kwa munthu wa Ni, yotsalirayo ndi Se, kuona zimene zili pamaso pompano. Izi ndinazionera m'munda. Mu Febuluwale wina, mvula ikugwa yosalekeza, ndinkayenda m'mizere ya kachewere wanga mutu uli kutali, ndikulingalira momwe mitengo idzakhalire pokolola komanso ngati ulimi umenewu udzakhalepobe ana anga akadzakula. Bambo wa munda woyandikana nawo anaima pamalire n'kuti, "Amayi, simukuona chiwawu ichi?" Anawerama, anatembenuza tsamba limodzi. Pamwamba panali banga lakuda ngati lopsa ndi moto, kunsi kwake kuli tinthu toyera ngati ufa. Mizere inayi inali itagwidwa kale. Ndinali nditadutsa pomwepo masiku atatu otsatizana. Tinapopera mankhwala mawa lake, koma mbali ina ya munda inapita.

Sindikunena kuti zilembo zinayi zija ndi choonadi chomaliza. Akatswiri ambiri a maganizo amakayikira MBTI, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo n'chakuti munthu yemweyo akayankhanso mafunsowo pakapita nthawi, kawirikawiri amapeza zilembo zina. Pa kafukufuku wawo amadalira kwambiri njira ina yotchedwa Big Five. Ine sindingauze mwana wa m'kalasi mwanga kuti ndiwe mtundu wakutiwakuti, chifukwa ana amavala dzina lililonse limene mphunzitsi wawapatsa. Koma kwa ine, mayi amene ndinayamba kuganiza kuti mwina pakamwa panga palidi tsoka, kufotokoza kwa Jung kunandipatsa mawu otchulira chinthu chimene ndakhala nacho kuyambira ndili kamtsikana.

Panopa ndili m'gulu lina la banki mkhonde, ndipo andisankhanso ulembi. Kope lija ndimayenda nalo. Chithunzi chikabwera, sindithamangira kuchilankhula pagulu. Ndimalemba tsiku, ndimalemba zimene mtima wanena, kenako pansi pake ndimadzikakamiza kulemba zimene maso aona. Pakasowa cholemba pansipo, ndimadikira. Mwezi watha nthumanzi inandigwiranso pa ngongole ina. M'malo monena kuti gulu litha, ndinapempha kuti aliyense wotenga ngongole yoposa masheya ake azibwera ndi mboni, ndiponso tizikaona geni yake. Amayi apampando anati, "Aphunzitsi, zimenezo n'zomveka," ndipo tinalemba m'malamulo. Lachisanu likubwerali tikupita awiri kukaona tomato wa mayi wa ngongole ija kudimba.