Kakombo wa ku Chilwa wafika pamwamba pa madzi

Tsamba loyamba la kakombo wa m'thanki yanga ya nsomba lafika pamwamba, lachiwiri likubwera m'mbuyo, likadali lopindika. Ambiri osunga nsomba m'mathanki a galasi amadula masamba okwerawa kuti chomera chikhale chachifupi, poti akayala pamwamba amatchinga kuwala, zomera zapansi n'kufooka. Ine sindidula. Kakombo womangodulidwa sachita maluwa, pamene ine chomwe ndikufuna ndi duwalo. Zapansizo zipirire.

Nyika yake ndinaipeza ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, kwa msodzi wina amene anaseka atamva kuti ndikukadzala m'nyumba chinthu chimene anthu a ku Nsanje amakumba n'kudya pa nthawi ya njala. Poyamba ndinaisunga payokha m'ndowa kwa masabata angapo. Apa musachite ulesi. Nkhono zina za m'madambo mwathu ndi zija zimafalitsa likodzo, ndipo zimaikira mazira kunsi kwa masamba. Ndinkazitola ndi sipuni yakale mpaka zitasiya kuoneka.

Pansi pa thanki ndinaika dothi lakuda la kudimba, pamwamba pake mchenga wa mu mtsinje wa Likangala wotsuka bwino, kuti madzi asamavunduke. Kakombo amadyera kumizu, ndiye pa mchenga wokhawokha sakondwa. Nyikayo siikwiriridwa yonse. Pophukira masamba pazioneka, apo ayi imaola.

M'miyezi yozizira ya June ndi July inangokhala duu, ndi timasamba tochepa tofiirira pansi penipeni. Amayi a kunyumba kuno ankati yafa, ndiitaye. Koma chomera cha ku Chilwa chinazolowera kudikira. Nyanja ija ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995 inaphwanso. Chomera chokhala malo otero chimasunga chakudya mu nyika, n'kudikira m'matope. Kutangoyamba kutentha, mphukira zinayamba kukwera moti ukayang'ana m'mawa ndi madzulo umaona kusiyana.

Vuto la pakali pano ndi chivindikiro cha thanki. Tsamba loyandama limapumira kumtunda kwake, osati kunsi monga masamba ambiri a pamtunda, choncho madontho ochokera pagalasi akamagwerapo tsiku ndi tsiku limayamba madontho akuda n'kuola. Ndatsitsa madzi pafupifupi zala zitatu, ndasiyanso mpata kumbuyo kuti mpweya uzidutsa. Paipi ya fyuluta ndailozetsa pansi, chifukwa kakombo safuna madzi ogwedezeka pamwamba.

Nsomba ndi timatemba tokha, ndipo tayamba kale kusonkhana pamthunzi. Makumba ayi, amafukula pansi. Mnzanga wina anandibweretsera namasupuni kuti ndiwonjezere, ndinakana. Ameneyo si wakuno, anachokera ku South America, ndipo mmene wavutitsira mu Shire aliyense akudziwa. Akachuluka muthanki mudzamutaya kuti? Kungomuponya m'ngalande, mvula ikamufikitsa ku Likangala, kenako ku Chilwa.

Tsamba lafikali m'mphepete mwake muli mano ngati sowo. Chimenecho ndi chizindikiro cha kakombo woyera, Nymphaea lotus, amene amamasula usiku n'kutseka m'mawa dzuwa likakwera, osati wabuluu uja womasula masana. Ndiye duwa likadzabwera, kuliona kwake ndi kwa tochi.

Sabata ino ndikanikiza timibulu ta dothi losakaniza ndi manyowa owolerana pafupi ndi mizu, ndiponso ndisendeza thanki kufupi ndi windo la kum'mawa. Ndere zikachuluka pagalasi ndidzaibweza pomwe inali.